Nanga Kaisara wa ku Zambia ndani?

Uthenga wa sabata ino watalikako, choncho ngati muli pa nchito kapena mu minibasi, usungeni mudzawerenge madzulo mutakhala pansi.

Lachisanu lapitali titatuluka m'mapemphero a usiku, mnyamata wina wa mu kwaya anandiimitsa pakhomo. Anati: "Abusa, paja mumatiphunzitsa kuti tizigonjera olamulira. Manje ine ndikalemba pa Facebook kuti khansala wathu sanakonze ngalande, ndiye kuti ndachimwa?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa nthawi inali itatha, koma funso lake ndinapita nalo kunyumba. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti nzika yabwino ndi munthu wofatsa. Amalipira msonkho, sakangana ndi apolisi, amapempherera boma, ndale amasiyira eni ake. Zitatu zoyambazo ndilibe nazo mlandu. Chachinayicho ndi chimene chandisowetsa tulo, chifukwa eni ake a ndale amene tikuwasiyirawo ndi ndani?

Pamene Paulo ankalembera Aroma, mutu 13 umene timakonda kuutchula uja, pampando panali Nero. Akhristu a ku Roma sanamusankhe ndipo analibe njira yomuchotsera. Ulamuliro unkawagwera ngati mvula, chawo kunali kupirira basi. Ife zathu sizili choncho. Malamulo aakulu a dziko lino, pa Article 5, amaika mphamvu ya ulamuliro m'manja mwa anthu a Zambia. Pulezidenti, MP, meya ndi khansala amangobwereka mphamvuyo kwa zaka zisanu, ndipo Lachinayi lachiwiri la mwezi wa August likakwana amabwera kudzafunsa ngati tiwabwerekenso. Katatu konse, mu 1991, 2011 ndi 2021, anthu wamba oima pamzere padzuwa anauza chipani cholamula kuti pakwana, ndipo a Kaunda, a Rupiah Banda ndi a Lungu anatuluka ku State House.

Ndiye ngati mukufuna Kaisara wa ku Zambia, musayang'ane ku State House kokha. Kachidutswa ka mpando wake kali ndi inu amayi ogulitsa tomato pa Soweto. Kali ndi iwe kondakitala, kali ndi agogo aku Chadiza amene NRC yawo yasanduka yofiira ndi ukalamba. Izi zimakoma kuzimva, koma dikirani. Ngati mpando ndi wathu, ndiye kuti machenjezo onse amene aneneri ankapereka kwa mafumu ndi oweruza, a kusalandira chiphuphu, a kusakondera, a kuteteza wamasiye, atigwera ife. Tinazolowera kuwerenga mavesi amenewo tikuloza chala ku Parliament. Mu demokalase chala chimenecho chimabwerera kwa mwini wake.

Tiyambe ndi voti. Tsiku la masankho munthu aliyense ndi woweruza. Walowa m'kachipinda kaja yekha, mlandu uli patsogolo pake, ayenera kugamula. Woweruza wa kukhoti akalandira thumba la unga kwa munthu amene akumuzenga mlandu, tonse timadziwa dzina la chinthu chimenecho. Nanga chitenge, T-shirt ndi K50 ya pa kampeni tizitcha chiyani? Ndikudziwa yankho limene linafala kwambiri mu 2011, lakuti landira chabe, idya, koma ukavote za kumtima kwako osauza munthu. Ndi nzeru yochenjera, ndipo sindingaimirire pa guwa n'kudzudzula agogo amene agona ndi njala masiku awiri chifukwa alandira unga. Njala si chiphunzitso cha m'buku. Koma kwa ife amene tadya nsima masana, nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake. Wopereka uja sapereka chaulere. Akapambana amafuna kubweza zimene anamwaza, ndipo amakazitenga pa ndalama za mankhwala a ku kiliniki ndi madesiki a ana athu. Komanso munthu wabwino wopanda ndalama amaona kuti mpikisanowu ndi wa matumba akuluakulu, amangokhala kunyumba. Mapeto ake timadandaula kuti pa pepala lovotera palibe wosankha, chikhalirecho tinawathamangitsa tokha.

Koma voti ndi yosavutako. Chovuta kwenikweni, chimene ine ndimayesera nacho nzika, ndi ichi: kodi umatha kudzudzula wako?

Kudzudzula chipani chimene sunachivotere aliyense angathe, ngakhale woledzera pa bala amachita bwino lomwe. Achinyamata ena simudziwa zimene zinachitika mu 2001, ine ndinali nditangomaliza sukulu ndipo ndimazikumbuka. A Frederick Chiluba anali "wathu" kwa ife a mipingo ya uzimu. Ankalankhula chilankhulo chathu, ankatchula mavesi pamtima, ndipo ndi iwo amene pa 29 December 1991 analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Zaka khumi zitatsala pang'ono kukwana, panabuka kampeni yosintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Mabungwe atatu aakulu a mipingo, la Akatolika, la CCZ ndi la EFZ, anagwirizana ndi bungwe la maloya la LAZ komanso bungwe la amayi la NGOCC, n'kupanga Oasis Forum. Anthu anavala tinsalu tobiriwira pachifuwa, oyendetsa magalimoto ankaliza mahutala mumsewu. Pofika May chaka chomwecho a Chiluba ananena poyera kuti saimanso.

Panthawiyo m'matchalitchi ena munali mkangano woopsa. Ena ankati musakhudze wodzozedwa wa Mulungu. Ena ankati ngati timukondadi, timuuze zoona. Ndimayamika Mulungu kuti achiwiriwa sanakhale chete, chifukwa lamulo la nthawi ziwiri lija likanathyoka tsiku limenelo, aliyense wobwera pambuyo akanapeza chitseko chotsegula kale. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mtsogoleri amene wazunguliridwa ndi oimba m'manja okhaokha ali pangozi kuposa amene ali ndi adani.

Ndiye dzifunseni, osayankha pagulupu, mumtima chabe. Makada a chipani china akamalanda ndalama pa msika ndi pa siteshoni ya mabasi munakwiya. Akanakhala a chipani chanu mukanakwiya chimodzimodzi? Munthu wa chipani chimene mumadana nacho akamangidwa n'kusungidwa masiku ambiri osamutengera kukhoti, mumati zamukwana, kapena mumati lamulo laphwanyidwa? Nduna yochokera kwanu, yolankhula chilankhulo chanu, ikatchulidwa pa nkhani ya katangale, mumayamba ndi kufunsa umboni kapena mumayamba ndi kunena kuti akutizonda ife a chigawo chino? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu dziko limene boma lasintha katatu, lamulo limene mukulisekerera lero likamapweteka mnzanu lidzakupezani muli kotsutsa.

Nkhani ya munda wa Naboti, pa 1 Mafumu 21, timaiwerenga ngati mlandu wa Ahabu ndi Yezebeli. Koma Yezebeli sanaponye mwala ngakhale umodzi. Analemba makalata chabe. Amene anaitanitsa msonkhano, kupeza mboni zabodza ziwiri ndi kutulutsa Naboti kunja kwa mzinda anali akuluakulu a mumzinda mwake momwe, anthu omudziwa. Anali omvera kwambiri. Mwa tanthauzo lija la nzika yofatsa, anali nzika zabwino zedi.

Tsopano kwa iwe m'bale wanga wa mu kwaya. Paulo yemweyo amene analemba Aroma 13 timamupeza pa Machitidwe 16 ali ku Filipi. Iye ndi Sila anakwapulidwa pagulu popanda kuzengedwa mlandu, n'kuponyedwa m'ndende. Kutacha akuluakulu a mzinda anatuma apolisi kuti awamasule mwakachetechete. Paulo anakana kutuluka mobisa. Anakumbutsa kuti iwo ndi nzika za Roma, kuti lamulo laphwanyidwa, ndipo anafuna kuti olakwawo abwere okha adzawatulutse. Anabweradi, ali ndi mantha. Taonani mmene anachitira. Sanatukwane, sanasonkhanitse gulu kukatentha nyumba ya munthu, sananamizire wina aliyense. Anatchula chimene chinachitika ndi lamulo limene linathyoledwa. Ine ndimakhulupirira kuti sanachitire ulemu wake wokha. Ankasiya kampingo kakang'ono ku Filipi, ndipo akuluakulu aja anayenera kuganiza kawiri asanakwapulenso munthu wopanda mlandu.

Choncho sunachimwe polemba za ngalande. Ungachimwe ngati walemba bodza, kapena watukwana mayi ake a khansala, kapena watumiza voice note imene sudziwa kumene yachokera chifukwa chabe ikunyoza munthu amene sumukonda. Mboni zabodza za masiku ano sizifunika kupita kukhoti, zimangodina forward. Izi ndikunena ndi magulupu athu a mpingo omwe, pepani.

Koma ndikufunsenso, mwandi: kupatula Facebook, unapita kuti? Mu bajeti ya 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo zakhala zikukwerabe. Mapulojekiti a ndalama zimenezi amayenera kuyambira pansi, kudzera mu Ward Development Committee ya dera lanu. Ndi angati mwa ife amene timadziwa ngakhale munthu mmodzi wa mu komiti imeneyo? Pa overnight timadzaza mpaka ena kuima panja, koma msonkhano wa ku ward umakhala ndi anthu owerengeka, ndipo owerengekawo ndi amene amagamula kuti ndalama zipite kuti. Pemphero sindikulichepetsa, ndine munthu wa pemphero. Koma Nehemiya atapemphera anadzuka usiku kukayendera mpanda wogumuka ndi maso ake.

Ndipo ngalande ija ili ndi mbali yathu. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu mazanamazana. Pofika January 2024 bwalo la National Heroes Stadium linali litasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Boma ndi khonsolo ali ndi mlandu wawo pa nkhani ya madzi ndi zimbudzi m'makomboni, ndipo tiyenera kuwafunsa osatopa. Koma mabotolo, mapulasitiki ndi matewera amene amatseka ngalande mvula ikagwa sanachokere ku Civic Centre. Article 43 ya malamulo omwe aja imatchula maudindo a nzika, ndipo kusunga malo aukhondo kuli pamndandanda umodzi ndi kulipira msonkho. Munthu amene amataya zinyalala pawindo la minibasi akadali ndi maganizo a mlendo, oti dziko ili lili ndi mwini wake wina amene adzabwera kudzasesa.

Ndisamalize ngati kuti ine ndine woyera. Zaka zingapo zapitazo ndinaimitsidwa pa roadblock ndikuthamangira maliro, pepala lina la galimoto litatha nthawi. Ndinadziwa njira yoyenera: kulipira faindi ndi kulandira risiti. Ndinadziwanso njira yachidule, ija timaitcha "ya drinki". Ndinasankha yachidule, Baibulo lili pa dashibodi. Sabata yomweyo ndinatsogolera pemphero lomanga mzimu wa katangale m'dziko lathu, ndipo mawu ankandikakamira pakhosi. Amene anapempha analakwa, koma dzanja lopereka linali langa. Ndinalapa, ndipo kuyambira pamenepo ndimalipira faindi. Zimawawa, nthawi zina zimadya tsiku lonse.

Pali funso limodzi limene ndikulimbana nalobe. Nanga munthu amene wayang'ana onse oima pa masankho n'kuona kuti palibe amene chikumbumtima chake chikumulola kumuvotera, atani? Ena amati akhale kunyumba, asadetse manja. Ine ndimapendekera kunena kuti apite ndithu, asankhe amene angawononge pang'ono, kenako amulondole zaka zisanu zonse, chifukwa woweruza amene wathawa mlandu wovuta sanathetse mlanduwo, wangousiyira ena. Koma ndikudziwa abale okhwima m'chikhulupiriro amene amaona mosiyana, ndipo tikakumana Lachitatu m'magulu a m'nyumba ndikufuna kumva maganizo awo.

Mnyamata uja ndamuimbira foni dzulo. Tagwirizana kuti alembe kalata yaulemu yotchula msewu, malo amene ngalande yatsekeka ndi nyumba zimene madzi amalowamo, ajambule zithunzi, anthu a mumsewumo asaine, ndipo tikaipereke limodzi kwa khansala ndi ku komiti ya ward. Loweruka m'mawa achinyamata akachotsa zinyalala pa mbali imene tingathe ndi manja athu. Amene muli ndi mafosholo, mawilibala ndi magolovesi, tikumane pa tchalitchi 07:00.