Ndudu ya anthu osowa nthawi

Opanga ma cigar anazindikira kalekale kuti kasitomala wawo ndalama ali nazo, chimene alibe ndi nthawi. Cigar ndi ndudu ija yopichira ndi masamba a fodya okhaokha, mkati ndi kunja komwe, yopanda pepala. Yaitali, monga ija inapatsidwa dzina la Winston Churchill, imafika masentimita pafupifupi 18, ndipo kuti ithe munthu ayenera kukhala pansi ola lathunthu kapena kupitirira. Nanga bwana wa masiku ano ola limenelo alitenga kuti? Ndiye anamukonzera yaifupi koma yonenepa. Yotchedwa robusto ndi ya mamilimita 124, kunenepa kwake pafupifupi masentimita 2. Mu 2004 a Hoyo de Monterrey a ku Cuba anatulutsa Petit Robusto ya mamilimita 102, ndipo mu 2008 kampani ya Oliva, imene imapichira fodya wake ku Nicaragua, inabwera ndi Nub, kachitsa ka mainchesi 4 konenepa kuposa chala chachikulu cha bambo wamkulu. Zaka zomwezo malamulo anali atayamba kuthamangitsira osuta panja. Mzinda wa New York unaletsa kusuta m'mabala mu 2003, dziko la Ireland mu 2004, ndipo kuno ku Zambia lamulo loletsa kusuta pagulu linabwera mu 2008. Munthu woimirira panja pozizira safuna ndudu ya ola ndi theka.

Wina anganene kuti zimenezi sizitikhudza ife a ku Lundazi. Pa kantemba ndudu timagula imodziimodzi, ndipo madala akumudzi amapichira balani wawo m'kapepala ka kope lakale la mdzukulu. Mwina malo okhawo amene munthu angayerekeze kuonapo utsi wa cigar ndi pa Castle Hotel, nyumba ya nsanja ija imene DC wachitsamunda Errol Button anayamba kumangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Koma fodya timalima, kuno ndi ku Lumezi ndi ku Chasefu, madera amene mpaka 2018 anali boma limodzi ndi ife. Choncho munthu akamadandaula kuti alibe nthawi yosutira, ife amene timadziwa kumene tsamba limachokera tili ndi chonena.

Tiyambe tavomereza kuti kunenepa kwa nduduyi si kunyada chabe. Mkati mwa cigar mumalowa masamba ochokera mbali zosiyana za mtengo wa fodya. A kunsonga, amene anawombedwa kwambiri ndi dzuwa, ndiwo ali ndi mphamvu koma amayaka mochedwa. A pakati amapereka fungo, ndipo a pansi ndi opepuka, ntchito yawo ndi kusunga moto. Mlimi aliyense wa fodya wa bale amazidziwa izi, chifukwa nayenso sasakaniza masamba a pansi ndi a kunsonga mu belo limodzi. Ndudu ikanenepa, wopichira amakhala ndi malo okwanira osanjamo mitundu yonseyi, ndipo moto umayenda pang'onopang'ono, utsi osatentha kwambiri. Ikafupika, munthu amafika msanga pamene pali kukoma kwenikweni. Amenewo ndiwo malonda ake.

Chondiseketsa n'chakuti ndudu yopangidwira munthu wothamangayi imakana kuthamangitsidwa. Odziwa amakoka kamodzi pa mphindi, n'kuisiya ipume. Ukaikoka mopupuluma imatentha, imawawa, ndipo tsamba lakunja limatha kung'ambika. Utsi wake sumezedwa, umangozunguliridwa m'kamwa. Ndiye amene waigula pofuna kupulumutsa nthawi amapezeka wakhala pansi mphindi 30 kapena 40, foni ili m'thumba, palibe chimene akuchita. Ndikuganiza kuti chimene wagula kwenikweni ndi chilolezo chokhala pansi. Kwathu kuno chilolezo chimenecho sitigula. Munthu akabwera pakhomo mumamupatsa mpando, mumalonjerana mpaka kufunsana za ana ndi mbuzi, kenako nkhani imene wabwerera. Ena amati kumeneko ndi kutaya nthawi, koma anthu omwewo akapita ku Lusaka kapena ku Johannesburg amalipira madola kuti kachitsa ka masamba kawakhazike pansi.

Theka la ola limenelo lili ndi zaka kumbuyo kwake. Ku Vuelta Abajo, m'chigawo cha Pinar del Río ku Cuba, tsamba likauma ntchito imakhala itangoyamba. Amaliunjika milumilu lili lonyowa pang'ono kuti litenthe lokha mkati, n'kumaphwasula muluwo ndi kuunjikanso kuti lisapse. Kutenthako kumachotsa ukali ndi fungo loboola mphuno. Akatero amalimanga m'mitolo n'kuliika m'nyumba yosungiramo, lina chaka, lina zaka ziwiri kapena kuposa. Robusto imodzi imalemera magalamu pafupifupi 12, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ya masamba ingatulutse ndudu zoposa 80. Koma imodzi yokha ya ku Cuba, m'sitolo za ku Ulaya, imagulitsidwa ndalama zimene mlimi wathu sangazipeze ngakhale atagulitsa makilogalamu angapo a bale.

Tsono taonani kalendala ya mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Kapichila. Nazale amafesa m'dimba dzuwa la Seputembala lili pamutu, ndipo kuthirira ndi kwa m'mawa ndi madzulo, keni m'manja. Mvula ikagwa amawokera, amathira feteleza, amapalira, amabandira, amadula nsonga, amachotsa mphukira. Pofika Febuluwale kuthyola kwayamba, ndipo ndi mwezi womwewo umene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Lowani m'chigafa nthawi imeneyo. Mayi wakhala pamphasa, miyendo yatambasulidwa, mulu wa masamba aawisi uli pambali, akuboola mitsitsi ya masambawo ndi chitsulo n'kumatunga pachingwe. Manja ake ada bii ndi phula la fodya, lomata moti sopo amalephera, ndipo akadya nsima amamva kuwawa kwake pa zala. Amene anathyola masamba ali ndi mame nthawi zina amagwidwa chizungulire ndi nseru, chifukwa nikotini amalowa kudzera pakhungu. Pamwamba pake mikangala yalemedwa, masamba akusanduka achikasu kenako ofiirira, ndipo bambo maso ali kumitambo, poopa kuti chinyontho chikachuluka fodya awola, denga likadontha chaka chapita. Kusankha magiredi ndi kudinda mabelo pa jeke kukubwera, msika n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo kapena Meyi.

Pa anthu awiriwa, wosowa nthawi ndani? Bwana uja akasowa nthawi amafupikitsa ndudu. Mlimi akasowa nthawi amagulitsa fodya. Feteleza anatenga pa ngongole ku kampani imene anasainirana nayo, ndipo ngongoleyo imadulidwa belo likangogulidwa. Fizi ya ana sidikira msika, matenda sadikira. N'chifukwa chake vendala akafika pa njinga yamoto ndi sikelo yake chigafa chisanatsitsidwe n'komwe, amapeza wogulitsa, ngakhale onse awiri akudziwa kuti mtengowo ndi wakuba. Fodya wina amadutsa njira zachidule za m'malire, kupewa pa chipata cha Lusuntha, kulowera kumene mtengo wamveka kuti wakwera chaka chimenecho, kaya ndi ku Malawi kaya ndi kuno. Anthu amati alimi ndi osaleza mtima. Ine ndimati kuleza mtima kumafuna ndalama, ndipo amene ali nazo ndiye amadya phindu la kudikira.

Sindikunena kuti tingoyamba kupichira ma cigar pansi pa mtengo wa mango. Bale wathu ndi wa mtundu wina, amapita kukasakanizidwa ndi fodya wina m'ndudu wamba, ndipo tsamba lokutira kunja kwa cigar limafuna mbewu yake ndi chisamaliro chake, lisakhale ndi bowo kapena banga. Komabe Africa si mlendo pa ntchitoyi. Tsamba lokutira la ku Cameroon ndi lotchuka dziko lonse. Ku Maputo kuli Bongani, ku Harare kuli Mosi oa Tunya, makampani amene akupichira ma cigar pamanja konkuno kummwera kwa Africa. Anayamba ndi anthu amene anali ndi mpamba wotha kugona m'nyumba yosungiramo masamba osabweza kanthu kwa nthawi yaitali. Kalabu ya alimi ya kwa Mphamba mpamba woterowo ilibe.

Palinso china chimene otsatsa malonda sakonda kutchula. Kufupika kwa ndudu sikuchepetsa poizoni. Ndudu wamba imakhala ndi fodya wosapitirira galamu imodzi, pamene kachitsa konenepa kaja kali ndi wochuluka kakhumi kapena kuposa. Kusameza utsi sikupulumutsa munthu, pakuti nikotini wa mu cigar amalowa kudzera m'kamwa momwemo, ndipo khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero imawapeza osuta ma cigar. Dziko lathu linalowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa kusuta mu 2008, kwinaku likulimbikitsa ulimi wa fodya chifukwa cha madola amene umabweretsa. Sindikuona kuti mlimi ndiye ayenera kuchita manyazi ndi kusokonekera kumeneku. Iye amalima chimene chili ndi wogula wodziwika.

Chitsanzo chimene chimandipatsa maganizo chili pakhomo pomwe pano, ndipo si cha fodya. Bungwe la COMACO linayambira ntchito yake yogula mbewu kuno ku Lundazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nsawawa zimene kale zinkangochoka m'matumba zinayamba kusanduka chiponde cha m'botolo chokhala ndi dzina, It's Wild!, ndipo lero chimapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lusaka pamodzi ndi mpunga wa ku Chama ndi uchi. Wogula amadziwa kuti chachokera kwa alimi a chigawo cha kummawa, ndipo amalipirira kudziwako.

Fodya njira imeneyo alibe. Mlimi amalembetsa ku Tobacco Board of Zambia, amagulitsa pa msika wovomerezeka, ndipo udindo wake umathera pa sikelo. Dzina la Vuelta Abajo ndi lotetezedwa ndi lamulo, moti palibe angalilembe pa bokosi ngati tsamba silinamere m'dothi la kumeneko. Dzina la Lundazi limalembedwa pa katikiti ka belo, n'kukwera lole ya ku Chipata, ndipo pofika ku fakitale tsambalo limasakanizidwa ndi la ku Kasungu, la ku Tete ndi la ku Brazil.