Kodi Ntchito ya Manja a Munthu Ingakhale Yangwiro?

Tiyeni tisinkhesinkhe funso ili: kodi munthu angapange kanthu kopanda chilema? Pakuti mtima wa mmisiri aliyense ulakalaka chimenechi, ngakhale womanga nyumba, ngakhale wopala matabwa, ngakhale wosoka zovala.

Taonani nyumba yopemphereramo ya St Michael and All Angels pa Mishoni ya Blantyre. Anayamba kuimanga m'chaka cha 1888, naitsiriza mu 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire umisiri womanga. Ndipo anthu a dziko lino amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yotere ndi kale lonse. Njerwa anaziumba ndi kuziotcha pompo, ndipo owerenga ayesa kuti mitundu yake ifika 81. Asanazimange, ankayamba aziyala zouma, kuti aone ngati zikhala bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi nyumbayo ili yangwiro? Iai, ngakhale nsanja zake ziwiri sizifanana. Koma yaima zaka zoposa 130, nipirira mvula ndi dzuwa, chifukwa omangawo sanachite ulesi pa zimene maso saziona.

Ife a lero tili ndi simenti, zitsulo ndi makina, ndiponso kompyuta yojambula nyumba isanamangidwe. Zonsezi n'zabwino, tisazinyoze. Koma chida sichiongola mtima wa mwini wake. Alipo amisiri ochepetsa simenti pa maziko, nabisa chinyengo chao ndi pulasitala wosalala ndi penti wowala. Ndipo mwini nyumba akondwera, osadziwa kanthu.

Tikumbukire mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Sitinena kuti amisiri ndiwo analakwa, pakuti madzi otere palibe khoma likadawaletsa. Koma masiku aja anatikumbutsa kuti pansi pa denga lililonse pagona ana a anthu.

Chifukwa chake, inu amisiri, ungwiro simudzaufika, ndipo musadzizunze nawo. Koma kukhulupirika kuli m'manja mwanu tsiku lililonse. Kumbani maziko akuya, yesani chingwe kawiri, ndipo njerwa imene idzabisika muiike monga ija idzaonekera kumsewu.