Kodi Kugawana Mankhwala ndi Chikondi?

Azimai anzanga, ife tinaleredwa ndi mwambo wakuti mnansi akasowa mchere timamutapirako, pakuti kupatsa n'kuika. N'chifukwa chake mnzathu akadwala, dzanja limathamangira m'chikwama kukatulutsa mapilitsi amene anatsala pamene ife tinadwala. Mtima wotere ndi wabwino ndithu. Koma kodi mtima wabwino pawokha ukwanira kuti ntchitoyo itchedwe chikondi?

Taganizirani za malungo. Munthu wamkulu amalandira mapilitsi 24 a Coartem: anayi m'mawa, anayi madzulo, kwa masiku atatu. Mai akamwa masiku awiri, namva bwino, n'kupatsa mnzake mapilitsi 8 otsalawo, waika anthu awiri pangozi. Iye mwini sanatsirize, ndipo malungo akhoza kudzukanso. Mnzakeyo walandira mlingo wosakwanira, magazi osapimidwa, mwinanso nthenda yake si malungo konse. Tikumbukire kuti chloroquine, amene anatithandiza zaka zambiri, tinamusiya chifukwa tizilombo ta malungo tinamuzolowera.

Ngakhale Panadol amene timamuyesa wofatsa ali ndi malire. Wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a 500 mg pa tsiku limodzi, chifukwa akachuluka amaononga chiwindi. Mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol m'kati mwake, kotero wophatikiza ziwirizi akhoza kupyola malire osadziwa. Mlingo wa mwana umatsata kulemera kwake, ndipo masupuni athu a m'khitchini sakhala ofanana kukula. Aspirin sayenera kupatsidwa kwa mwana wotentha thupi.

Wina anena kuti, “Chipatala chili kutali, ndalama ya ulendo palibe. Kodi ndingoyang'ana m'bale wanga akubuula?” Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sitingalinyoze. Kukana kupereka pilitsi n'kubwerera kunyumba manja ali kumbuyo sikungakhale chilungamo. Koma tidzifunse moona: popereka mapilitsi otsala, kodi tikuchiritsa wodwalayo, kapena tikungotonthoza mtima wathu kuti tachitapo kanthu? Kupereka pilitsi n'kosavuta. Chovuta ndi kusiya khasu, kusonkherana ndalama ya galimoto, kumuperekeza ku kiliniki, kumuwerengera zolembedwa pa kapepala ngati sadziwa kuwerenga, ndi kumukumbutsa nthawi yomwera kufikira atatsiriza. Wa TB amafunika kulimbikitsidwa motero kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Palinso ulemu wina umene umapweteka. Ambiri a ife timaopa kufunsa anamwino poganiza kuti ndi mwano. Komatu iwonso ndi anthu, amatopa, ndipo mzera ukatalika cholakwa chikhoza kuchitika. Vutoli ndi la dziko lonse lapansi: m'chaka cha 2017 bungwe la WHO linapempha maiko kuti achepetse ndi theka ngozi zazikulu zodza ndi mankhwala zimene zikadapewedwa. Tsono funsani mwaulemu: dzina la mankhwalawa ndi chiyani? Ndi a nthenda yanji? Ndimwe angati, kangati pa tsiku, masiku angati? Nenaninso ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, mukumwa ma ARV, a BP kapena azitsamba, ndiponso ngati mankhwala ena anakutulutsanipo ziwengo. Safunsa anadya phula.

Lamulo lakuti tisaphe limatilamulanso kutchinjiriza moyo wa mnansi monga tingathere. Mchere tigawane, ufa tigawane, nthawi yathu tigawane. Koma mankhwala alembedwa dzina la munthu mmodzi, ndipo womukonda amamuthandiza kumwa ake, moyenera, mpaka atathe.