Khutba ya Ijumaa: Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Khutba yoyamba

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, amene adamupatsa munthu lilime loyankhulira ndi makutu omvera mnzake. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja ake ndi pa Maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndiponso tikukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mwamva kuti m'mwezi wa Seputembala 2025 boma lidatsegula zokambirana za dziko lonse, zoti nzika zinene maganizo awo pa malamulo a zisankho, pa malamulo aakulu a dziko ndi pa kayendetsedwe ka chuma. Ena mwa inu akhala akufunsa ngati Msilamu ayenera kupita kumisonkhano yotereyi. Ena akuti ndale ndi mkangano, mkangano ndi fitna, choncho wokonda mtendere atseke pakamwa. Yankho lake tilitenga ku Madina.

M'chaka chachitatu chisamukireni Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ku Makka, Akuraishi adanyamuka ndi asilikali pafupifupi 3,000 kudzabwezera zomwe zidawagwera pa Badr. Mtumiki adasonkhanitsa anthu ake nawafunsa maganizo. Iye mwini adaona kuti nkwabwino kukhala mkati mwa mudzi ndi kumudikira mdani m'makwalala ake. Koma ambiri, makamaka achinyamata amene sadapezeke pa Badr, adakana, nati atuluke akakumane naye kunja. Taimani pamenepa. Anyamata akutsutsa maganizo a Mtumiki wa Allah maso ndi maso, pa nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo palibe amene adawatcha oukira. Iye adalowa m'nyumba, navala zankhondo, natsata maganizo a ambiriwo.

Zomwe zidachitika pa phiri la Uhud mukuzidziwa. Oponya mivi ambiri adachoka pamalo pomwe adaikidwa, mdani adazungulira kumbuyo, Asilamu pafupifupi 70 adaphedwa, pakati pawo Hamza, ndipo Mtumiki mwini adavulazidwa kumaso. Mtsogoleri wamba akadati: "Mwaona kumene kukumverani kwatifikitsa? Kuyambira lero woyankhula ndine ndekha." Koma ndime 159 ya Sura Al-Imran, yomwe idatsika pambuyo pa Uhud, ikumulamula Mtumiki kuti awakhululukire anthu omwewo, awapemphere chikhululuko, ndipo apitirize kuwafunsa maganizo. Ndime yomweyo ikumukumbutsa kuti akadakhala waukali ndi wouma mtima, anthu akadamuthawa. Shura idalamulidwa pamene mabala a shura adali asanapole. Ngati amene ankalandira chivumbulutso adalamulidwa kumvera, nanga pulezidenti, nduna, mkulu wa chipani kapena nyakwawa ya m'mudzi ndani kuti aziti wotsutsa ndi mdani?

Ife a ku Angonia sitifunika kuuzidwa mtengo wa dziko losamverana. Pakati pa 1977 ndi 1992 nkhondo idadutsa m'minda yathuyi. Akuluakulu amene mwakhala m'mizere yakutsogoloyi mukukumbukira momwe midzi ya ku Domwe ndi ya kuzungulira Ulongwe idatsalira mabwinja, anthu atasenza ana ndi miphika kuwolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi lidasunga anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi. Ndipo nkhondoyo idatha bwanji? Pa 4 Okotobala 1992, ku Rome, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasainirana pangano atatha zaka ziwiri nthumwi zawo zikukangana pa tebulo. Mawu amene adakanika kunenedwa pabwalo adanenedwa ndithu, koma atadutsa kaye pamanda a anthu osawerengeka.

Ndiye tidayembekeza kuti phunziro lalowa. Koma Carlos Cardoso, mtolankhani, adawomberedwa ku Maputo m'chaka cha 2000. Gilles Cistac, katswiri wa malamulo, adaphedwa mu 2015. Anastácio Matavele, woyang'anira zisankho, adaphedwa ku Xai-Xai mu 2019. Patangopita masiku khumi chichitikireni chisankho cha pa 9 Okotobala 2024, loya Elvino Dias ndi Paulo Guambe adawomberedwa m'galimoto. Onsewa chida chawo chidali cholembera ndi pakamwa. M'miyezi yotsatira, mabungwe amene ankawerengera akuti anthu oposa 300 adafa pa zionetsero, masitolo adatenthedwa, ndipo zikwi za anthu zidathawiranso ku Nsanje. Pulezidenti Daniel Chapo ndi Venâncio Mondlane adakumana m'mwezi wa Malichi 2025. Nkwabwino kuti adakumana. Mayi amene adaika mwana wake m'manda m'Disembala ali ndi ufulu wofunsa chomwe chidawaletsa kukumana kale.

Makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mlimi wa mbatata ya kachewere amene akudandaula kuti msewu wakumudzi kwake suyendeka dzinja, kuti feteleza wakwera pomwe wogula akumudyera masuku pamutu pa msika wa Lizulu, sakuukira boma. Akuliuza boma chinthu chimene anthu oimba m'manja sadzaliuza. Abu Bakr (Radhiya Allahu anhu), tsiku lomwe adalandira udindo, adapempha anthu kuti akalakwa amuwongole. Mtsogoleri wozingidwa ndi ovomera okhaokha amadziwa za moto denga litagwa kale.

Koma tisaganize kuti udindo uli pa olamula okha. Naye wotsutsa adzafunsidwa pa tsiku la Kiyama. Ndime 6 ya Sura Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, kuopa kuvulaza anthu mwaumbuli kenako nkunong'oneza bombono. Masiku ano nkhani imabwera pa WhatsApp, chithunzi cha dziko lina kapena cha chaka china, mawu ojambulidwa opanda mwini, ndipo chala chimatumiza mutu usanaganize. Amene watumiza bodza ali ndi gawo m'magazi amene bodzalo lakhetsa. Amene watentha sitolo ya mnzake chifukwa cha mtundu wa malaya amene adavala pa kampeni sadatsutse kanthu, wangoba ndi kuwononga. Ndipo taonani momwe tikukanganira pamalo okwerera minibasi ndi m'magulu a pa foni: palibe amene akufunsa kuti ndalama za sukulu zapita kuti, kapena kuti mavoti awerengedwe motani kuti onse akhutire. Tikungofunsana kuti iwe ndiwe wa ndani, wadyetsedwa ndi yani, amako ngakuti. Kumeneko si kutsutsana, nkutukwanizana. Musa ndi Haruna (Alaihima salaam) potumidwa kwa Firiauna, munthu amene adadzitcha mulungu, adalamulidwa kumuyankhula mofewa, monga zilili m'ndime 44 ya Sura Twaha. Mnansi wanu wa chipani china si woipa kuposa Firiauna, ndipo inu si wabwino kuposa Musa.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Akapolo a Allah, sitingaphunzitse dziko zomwe mzikiti sukuzichita. Pakati pa Asilamu a kuno ndi a ku Malawi pakhala kusiyana kwa zaka zambiri pa za zikiri ndi sukuti pamaliro, ndiponso pa kuoneka kwa mwezi wa Ramadhan ndi wa Idi. Kusiyanako pakokha si tsoka. Itatha nkhondo ya Khandaq, Mtumiki adauza Maswahaba kuti asaswali Asr mpaka atafika kwa Banu Quraidhah. Nthawi itawapeza panjira, ena adaswali pomwepo, nati cholinga chidali choti afulumire. Ena adadikira mpaka kukafika, nati mawu ndi mawu. Atamva, sadadzudzule gulu lililonse. Imam Malik naye, pamene Khalifa adafuna kukakamiza Asilamu onse kutsata buku lake la Muwatta, adakana, popeza Maswahaba adabalalikira m'maiko osiyanasiyana, aliyense ndi chidziwitso chake.

Tsoka limayamba pamene wina wagamula kuti wosiyana naye watuluka m'chipembedzo. Akhawariji adayamba choncho, ndipo adathera pa kupha Ali (Radhiya Allahu anhu) ku Kufa m'chaka cha 40 cha Hijra. Ku Cabo Delgado, mfuti zisanalire ku Mocímboa da Praia pa 5 Okotobala 2017, kudayamba kumveka anyamata okana kuswali pambuyo pa maimamu a kwawo, okana sukulu za boma, otcha Asilamu anzawo akafiri. Ambiri mwa amene aphedwa ndi kusamutsidwa m'maboma a kugombe kumeneko ndi Asilamu.

Choncho uthenga wa msonkhano wa zokambirana ukafika kudera kwanu, pitani. Amayi apite, achinyamata apite. Nenani zomwe mwaona ndi maso anu, tchulani msewu, chipatala kapena malo oponyera voti amene mukunena, ndipo mnzanu akaimirira kukutsutsani, mulekeni amalize. Amene mukudziwa Chipwitikizi muwamasulire amene sachidziwa, ndipo mumasulire mokhulupirika ngakhale mawuwo simukugwirizana nawo, pakuti imeneyo ndi amana.

E Allah, akhululukireni akufa athu, a nkhondo yakale ndi a masiku ano. Tonthozani amasiye awo. Apatseni atsogoleri athu alangizi onena zoona, ndipo tsekulani makutu awo. Tetezani malilime athu ku bodza ndi miseche. Bwezerani mtendere ku Cabo Delgado, ndipo tigwetsereni mvula yamadalitso m'minda yathu. Ameen.

Imikani Swala.