Kodi Wodzitama M'nyimbo Ndi Wabodza?

Pa msika wa Kamwendo, ndiponso pa chipata cha Mwami pamene anthu aolokera kunka ku Chipata, pamamveka nyimbo zimene anyamata azitcha hip-hop. Woimba wake saimba kwenikweni; angolankhula mofulumira potsata kugunda kwa ng'oma, ndipo kawirikawiri mutu wa nkhani ndi iye mwini: ati ndi mfumu, ati ndalama zimtsata pambuyo, ati palibe wompambana. Tsono makolo afunsa akatekisiti kuti: mwana wogona pa mphasa akaimba kuti ali ndi galimoto, kodi sananame?

Funso limeneli si lachilendo. Cha m'chaka cha 395 Augustine Woyera wa ku Hippo adalemba buku lonena za bodza, ndipo asanalowe m'nkhani adayamba wapatula nthabwala, pakuti maonekedwe ndi kalankhulidwe ka wonena nthabwala zisonyeza poyera kuti safuna kunyenga munthu. Hip-hop nayo idabadwira pa chisangalalo. Ambiri awerenga chiyambi chake kuchokera pa phwando limene DJ Kool Herc adakonza ku Bronx, mu mzinda wa New York, m'chaka cha 1973, pakati pa anthu osauka. Kumeneko kudzitama kudasanduka mpikisano wa luso la pakamwa, ndipo omvera adadziwa kuti wodzitcha mfumuyo akagona m'nyumba ya lendi. Pamene onse adziwa kuti ndi sewero, palibe wanyengedwa.

Koma nkhani siithera pomwepa ayi. Woimba wotchuka wa m'dziko muno, Limbani Kalilani, amene adziwika kuti Tay Grin, adadzitcha Nyau King, natenga maonekedwe a gule wamkulu kukwera nawo pa nsanja. Dzina limeneli lifanizira woimba ndi gule, ndipo Mchewa wa ku Mchinji aona msanga pamene awiriwa asiyana. Gule akatha kuvina pabwalo abwerera kudambwe, ukali wonse wa chilombo utsala komweko, ndipo m'mawa mwake mudzi ulawirira kumunda popanda wofunsidwa za dzulo. Woimba wa hip-hop alibe dambwe. Chigoba chake ndicho nkhope yake yomwe. Akatsika pa nsanja anthu amuitanabe ndi dzina la m'nyimbo, anzake ayembekeza kuti mfumuyo iwagulire mowa, ndipo pa Facebook payenera kuoneka nsapato zatsopano sabata ndi sabata.

Bodza liyambira apa, nyimbo itatha kale. Mnyamata akakongola ndalama za katapila, kapena akagulitsa mobisa thumba la mtedza la amake kuti afanane ndi munthu amene adampeka yekha m'nyimbo, pamenepo wayambadi kunyenga, ndipo woyamba kunyengedwa ndi iye mwini. Ku America sewero lotere lidafika poipa zedi: Tupac Shakur adaphedwa ndi mfuti m'chaka cha 1996 ali ndi zaka 25, ndipo Notorious B.I.G. m'chaka cha 1997 ali ndi zaka 24, pa nthawi ya udani umene unkakolezedwanso ndi mawu a m'nyimbo.

Chifukwa chake mkatekisiti asafulumire kudzudzula mnyamata pa zimene adaimba Loweruka madzulo; mwina ndi luso chabe, ndipo luso lolumikiza mawu a Chichewa mwaliwiro chotere si la munthu aliyense. Akhale naye pansi Lolemba, amfunse modekha kumene kudachokera ndalama za nsapato zoyera zija.