Kukonza ndi kubisa zimasiyana pati?

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire. Ine ndine mayi wa geni, sukulu ndinalekeza Fomu 4. Ndimakhala pabenchi mumsika wa Limbe, kugulitsa matochi, matchaja, timawailesi ndi nyale za sola. Pali funso limene lakhala likundisowetsa mtendere, ndiye ndati ndilitule pano kuti tigawane.

Tikapikula katundu, si yense amene amafika wamoyo. M'katoni mumapezeka nyale ziwiri kapena zitatu zosayaka, ndipo kopikulako akangolandira ndalama, nkhani yatha. Poyamba ndinkangoziunjika m'thumba pansi pa benchi, mtima ukuwawa. Kenako mnyamata wina wokonza mafoni pafupi nane anandiphunzitsa kumasula masikulu, kuwotcherera mawaya ndi kuyeza batire ndi kamita. Tsiku limene nyale yakufa inayaka m'manja mwanga ndinakuwa ngati mwana. Amene munakonzapo chinthu ndi manja anu mukuidziwa nsangala imeneyo.

Nyale zina zimayendera kabatire kooneka ngati chala, kamene amakatchula 18650 chifukwa kunenepa kwake ndi mamilimita 18, kutalika 65. Kakadzaza bwino kamaonetsa mavoti 4.2. Timabatire totere timapezekanso mkati mwa mabatire a malaputopu akale, kawirikawiri timakhala 6. Ndiye ndinkagula mabatire akufa a malaputopu motchipa, n'kuwang'amba, n'kusankha timene tikadali ndi moyo. Koma kamita kanga kamangoonetsa mavoti, sikanena kuti kabatireko kasunga moto kwa maola angati. Kabatire kokalamba kali ngati ndowa imene pansi padzaza mchenga. Ukayang'ana pamwamba madzi afika pakamwa, ukatunga makapu atatu, atha. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Tsiku lina kunabwera agogo ena. Ankafuna nyale yoti mdzukulu wawo wa Sitandade 8 aziwerengera usiku pokonzekera mayeso. Ndinawapatsa imodzi mwa zokonza zija. Inayaka mbee pamaso pawo. Anamasula ndalama pamfundo ya chitenje, ine n'kulandira mtengo wa nyale yatsopano. Sindinawanamize ndi pakamwa. Sanandifunse ngati ndi yatsopano, inenso sindinanene kanthu.

Patatha masabata atatu anabweranso. Sanakalipe. Anangoti, "Mwananga, nyale ija ikumazima ola lisanathe. Mwina ndine amene sindikudziwa kuiyanika padzuwa. Tandiphunzitse." Abale inu, akanandilalatira zikanakhala bwino, ndikanapeza poyankhira. Koma munthu wamkulu uja anadzipatsa yekha mlandu umene unali wanga.

Funso langa ndi ili: kodi ndinalakwa pati? Pokonza, kapena pokhala chete?

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo kukonza, chifukwa sindifuna wina achoke pano akuganiza kuti kukonza zinthu n'kwa akathyali. Kuno kwathu kukonza ndi moyo. Galimoto zambiri zimene zimatinyamula, ma Sienta ndi ma Hiace awa, zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale zaka zambiri. Zikuyendabe chifukwa cha amakaniko a pansi pa mtengo ndi anyamata a ku Ndirande amene amatha kukusulira chitsulo chimene m'sitolo mulibe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera. Uuze munthu kuti ataye wailesi chifukwa kawaya kamodzi kaduka, ndiye kuti sukumudziwa umphawi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi akufa. Cha m'ma 2002, ali ndi zaka 14 ndipo atasiya sukulu chifukwa cha fizi, anamanga makina a mphepo opanga magetsi kuchokera ku njinga yakale, mitengo ya bulugama ndi zitsulo zotola. Akanakhala munthu woopa kumasula sikulu, bwenzi lero tisakumutchula. Choncho manja okonza ndi dalitso. Mlandu wanga sunali pamenepo.

Tsono anzanga a pamsika nditawafotokozera, anandiseka. Mfundo zawo sizopusa, ndipo ndikufuna muzimve monga momwe anazinenera.

Woyamba anati, "Kasitomala ali ndi maso. Anaiona, anaiyesa, anaikonda. Pamsika si patchalitchi." Zoona, munthu wogula kaunjika amatambasula malaya n'kuona ngati ang'ambika. Wogula tomato amamudina. Koma nyale ili ndi masikulu anayi, ndipo chimene chili kuseri kwa masikuluwo wogula sangachione ngakhale atavala magalasi. Amene anachiona ndi ine. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mkuyuwo sudziwa kuti uli ndi nyerere, pamene ine ndinkadziwa, chifukwa nyererezo ndinaikamo ndekha.

Wachiwiri anati, "Nawenso anakugulitsa zakufa osakuuza. Ukungobweza zako." Apa ndinakhala kaye chete, chifukwa n'zoona kuti ndinaluza. Koma amene anandiluzitsa si agogo aja. Ngati aliyense wopusitsidwa apatsira mnzake wotsatira, katunduyo amatsetsereka mpaka kukafika kwa munthu amene alibe wina womupatsira. Munthu ameneyo nthawi zonse amakhala wosaukitsitsa pa tonsefe. Pamzere wathu uja womaliza anali mwana wa Sitandade 8 amene nyale inamuzimira ali pakati pa samu.

Wachitatu ndiye anandilasa kwenikweni. Anati, "Ukanena zoona, agula kwa ine. Ana ako adya chilungamo?" Funso limeneli ndilibe yankho lokoma, ndipo ndibwereranso kwa ilo.

Chimene chinanditsegula maso ndi galimoto ya achimwene anga. Ali ndi kagalimoto kakale kamene amanyamulira anthu. Amakonza okha pafupifupi chilichonse, ndipo ndimawanyadira. Nthawi ina fyuzi ya magetsi a kumbuyo inkangopsa. Aike ina, yapsa. Aikenso ina, yapsa. Atatopa anangopinda kawaya n'kukalowetsa pamalo pa fyuzi. Magetsi anayaka, iwo n'kumati akonza.

Kwa amene simudziwa, fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene kanapangidwa dala kuti kazipsa. Iliyonse ili ndi malire ake: yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Moto ukadutsa wopitirira malirewo, kachitsuloko kamasungunuka n'kudula njira, kuti mawaya a galimoto asatenthe. Fyuzi ikamapsa pafupipafupi, ikukuuza kuti penapake pali vuto, mwina waya wasupuka n'kumakhudza chitsulo cha galimoto. Kuika waya wokhuthala pamalo pake kuli ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha malungo. Kulira kwatha, malungo ali pomwepo.

Patapita masiku, ali ndi anthu m'galimoto, fungo la pulasitiki wopsa linayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, kenako utsi. Mwamwayi anaima msanga n'kuchotsa waya wa kubatire. Palibe anavulala. Koma atandifotokozera, ndinaona nkhani yanga ya nyale itavala malaya ena.

Pali kukonza kwa mitundu iwiri. Kwina kumafufuza gwero la vuto n'kulichotsa. Kwina kumangozimitsa chizindikiro kuti chinthu chioneke chamoyo. Kwachiwiriku sikuti nthawi zonse n'koipa. Galimoto ikakufera usiku pakati pa msewu wa Zalewa, manga ndi waya, mata ndi sopo, chita chilichonse kuti ukafike kunyumba. Umadziwa chimene wachita ndipo ngoziyo waisenza wekha. Tchimo limayamba pamene mawa lake wanyamula anthu osawauza, kapena wagulitsa galimotoyo uli duu. Pamenepo ngozi waisamutsira pamutu pa munthu amene sanavomere kuisenza, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti ilipo.

Ndiye ndinafika pa mfundo iyi, ndipo mukhoza kunditsutsa. Amene wamasula masikulu ali ndi ngongole kwa amene sanamasule. Ngongoleyo ndi mawu. Chimene waona mkatimo, ngati chingasinthe maganizo a wogula kapena kuika moyo wake pachiswe, uyenera kuchinena ngakhale asakufunse. Kale ndinkaganiza kuti bodza limafuna lilime. Agogo aja anandiphunzitsa kuti munthu utha kunama uli chete, pongolola mnzako kukhulupirira chimene iwe ukudziwa kuti si choona, iwe n'kulandira ndalama ya chikhulupiriro chakecho.

Sindikunena kuti tiziulula chilichonse. Sindiyenera kuuza kasitomala mtengo umene ndinapikulira, kapena komwe ndimaoda. Zimenezo ndi zanga, ndipo sizisintha mmene nyale iwalire m'nyumba mwake. Ngati ndangowotcherera kawaya kamene kanaduka, nyaleyo n'kukhala yolimba monga zinzake, mwina kusanena si mlandu waukulu, ngakhale masiku ano ndimanenabe. Koma kabatire kakale m'thupi la nyale yatsopano n'kosiyana, chifukwa munthu akulipira maola a kuwala amene mulibemo.

Tsopano ndibwerere kwa mnzanga uja wa "ana adya chilungamo". Sindikunamizani kuti nditayamba kunena zoona makasitomala anakhamukira pabenchi panga. Nkhani zotero ndi za m'mafilimu. Chimene ndimachita ndi ichi: chinthu chilichonse chokonza ndimachilemba kumbuyo ndi cholembera chosafufutika, "yokonza", ndi tsiku lake. Mtengo ndimatsitsa. Ndimauza wogula kuti ikavuta sabata isanathe abwere nayo. Ena akangomva liwu loti yokonza amabweza dzanja n'kupita benchi lotsatira, kumene mwina akagula yokonzanso koma yosalembedwa. Zimawawa, makamaka mwezi wa fizi. Ena amakondwa chifukwa ndalama yawo ndi yochepa ndipo akudziwa chimene akugula. Ndikawerengera, phindu la zokonza latsika. Chimene ndapeza n'choti munthu akamabwera chakuno atanyamula nyale m'manja, mtima sugundanso ngati kale. Kaya zimenezo n'zokwana kulipira zimene ndaluza, zimatengera tsiku limene mwandifunsa.

Ndaphunziranso kuti pali zinthu zimene chilungamo chake ndi kukana kuzikonza. Batire la foni likatupa sindiligwira, chifukwa likabooka litha kuyaka moto. Tchaja yolowa kumagetsi a m'nyumba, a mavoti 230, ikapsa ndimataya, chifukwa nzeru zanga za pabenchi sizifika poti ndingalonjeze kuti siigwira mwana wa munthu. Achimwene nawonso anapita kwa wodziwa za mawaya a galimoto, anapeza pamene panasupuka, n'kubwezera fyuzi yoyenera. Kunena kuti "apa sindingathe" kumachititsa manyazi, makamaka kwa ife amene timanyadira manja athu. Koma kunamizira kudziwa nakonso ndi kubisa.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya ogulitsa okha. Taganizani bwino. Munagulitsapo foni imene inagwera m'madzi, mutaiumitsa n'kuipukuta bwinobwino? Munabwerekapo njinga ya mnzanu, n'kuthyola kena kake, n'kumanga ndi mphira, n'kubweza osanena? Nanga nyumba ya lendi imene munapaka penti pamng'alu mlendi watsopano asanabwere? Tonse tinamasulapo masikulu a chinachake.

Agogo aja ndinawauza zoona tsiku lomwelo. Pakamwa panalemera, koma ndinati, "Agogo, vuto si inu. Nyaleyi ndinaikonza ndine, ndinaikamo batire lakale, ndipo sindinakuuzeni. Pepani." Ndinawapatsa ina yatsopano ya m'katoni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ukanandiuza, ndikanagulabe, koma ndikanamuuza mwana kuti aziyamba ndi masamu moto usanathe." Anamanga nyale m'chitenje n'kumapita. Sindinawaonenso, ndipo sindidziwa ngati mdzukulu uja anakhoza.

Mawu awo aja ndi amene amandibwerera. Chimene ndinawabera chachikulu sinali ndalama. Ndinawalanda mpata wosankha okha ndi wokonzekera, pa chinthu chimene chinali chawo.

Ndiye ndikusiyirani funsoli, inu a m'gulu muno, makamaka amakaniko, okonza mafoni ndi anzanga a geni. Kodi malire ali pati pakati pa chinsinsi cha malonda ndi chinyengo? Ndipo munthu amene ana ake agona ndi njala akabisa, timuweruze mofanana ndi amene wabisa ali wokhuta? Ine mbali yoyambayo ndayesa kuyankha. Yachiwiriyi ikundivutabe. Lembani maganizo anu m'munsimu, ndiziwerenga madzulo ndikaweruka kumsika.