Mawu a ku Mughese amafika bwanji pamsonkhano?

M'mawa ku Mughese nkhungu imachedwa kuchoka. Imakuta nkhalango ya pamwamba pa phiri, imodzi mwa nkhalango za m'mapiri a Misuku pamodzi ndi Wilindi ndi Matipa, pomwe m'munsi mwake alimi amakhala atalowa kale m'minda ya khofi ndi nthochi. Kuno ndi kwa Mwenemisuku, m'boma la Chitipa, kufupi ndi mtsinje wa Songwe wolekanitsa Malawi ndi Tanzania. Munthu wa kuno akafuna kufika ku Lilongwe amatsika mpaka pa Kapoka, nagwira msewu wa tala wa ku Karonga, nakwera Chiweta, nadutsa Mzuzu. Ndi ulendo wa makilomita oposa 600.

Chaka ndi chaka bungwe la MALGA, lomwe limaimira makhonsolo a dziko lino, limaitanitsa msonkhano waukulu, ndipo khonsolo ya Chitipa imatumizako nthumwi zake monga amachitira ena onse. Misonkhano yotere imachitikira m'mizinda kapena m'mahotela a kunyanja. Ina imakachitikira kunja, monga wa Africities umene udasonkhanitsa atsogoleri a maboma ang'onoang'ono a mu Africa ku Kisumu, m'dziko la Kenya, mu 2022. Kulikonseko wokwera pa nsanja amayamba ndi mawu akuti akuyankhula m'malo mwa anthu. Funso lakale limene mawuwa amadzutsa ndi lakuti, kodi munthu angathedi kunyamula mawu a mnzake?

Liwu lakuti nthumwi likuchokera ku kutuma, ndipo kumudzi ntchito imeneyi anthu amaidziwa bwino. Pa nkhani ya ukwati mnyamata sapita yekha kukayankhula ndi eni mbumba. Amatuma nkhoswe. Koma nkhosweyo isananyamuke imakhala pansi ndi abale kumva zokanena, ndipo ikabwerako siyamba yakagona, imayamba yafotokoza zimene ayankha kumeneko. Yopita osatumidwa, kapena yobwerako n'kungoti zii, palibe amene angaitchenso nkhoswe. Muyeso womwewu ndi woyenera khansala aliyense wokwera galimoto kupita ku msonkhano.

Mbiri ya maboma ang'onoang'ono m'dziko muno ikuonetsa kuti ulusi wolumikiza wotuma ndi wotumidwa udaduka nthawi yaitali. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono, boma nalo n'kulengeza ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu, imene idalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli adasankhidwa mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chidangokhala chikusunthidwa mpaka pa 20 Meyi 2014. Mwana amene adalowa sitandade wani ku Misuku mu 2005 adafika ku sekondale asadaonepo khansala. Mkati mwa zaka 9 zimenezo, mu 2010, lamulo lidasinthidwa: aphungu adapatsidwa voti m'makhonsolo, ndipo mawodi a m'maboma adachepetsedwa kukhala awiri pa dera lililonse la phungu. Dziko lonse lidatsala ndi mawodi 462, Chitipa yense ndi makhansala 10. Mafumu, amene ndiwo amadziwa malire a munda uliwonse, amakhala nawo m'khonsolo koma savota.

Alipo amene amati misonkhano ya mabungwe otere ndi yongokadyera ndi kusainira maalawansi. Dandauloli silidachokere mumphepo, koma silinena zonse. Khansala mmodzi wa m'mapiri a Misuku sangalimbane ndi likulu la boma ku Capital Hill payekha. Makhonsolo atagwirana manja, MALGA idatengera kukhothi nkhani ya thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, limene lidayamba mu 2006, ndipo mu Meyi 2025 khothi lidagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo komanso kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka thumbali n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlandu wotere umabadwira m'misonkhano. Choncho kupita n'koyenera. Vuto lagona pa katundu amene nthumwi imanyamula popita ndi pobwera.

Pamenepa buku la Machitidwe a Atumwi, limene limawerengedwa m'matchalitchi a m'mapiri amenewa, lili ndi nkhani yofika pamtima. M'mutu 6, mpingo woyamba wa ku Yerusalemu udali ndi Ayuda oyankhula Chihelene ndi ena oyankhula chinenero cha komweko. Pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, amasiye a oyankhula Chihelene ankadumphidwa. Nkhaniyo sinena kuti atumwi adali ndi mtima woipa. Zikuoneka kuti amasiyewo adali kutali chabe ndi makutu a ogawa. Chochititsa chidwi ndi yankho lake. Atumwi sadalonjeze kuti ayesetsa kuwakumbukira. Adaitanitsa gulu lonse, nauza anthuwo kuti asankhe okha amuna 7 oti ayendetse ntchitoyo, ndipo onse osankhidwawo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, mayina awo ndi Achihelene. Chiwiya chogawira chidaperekedwa m'manja mwa mbali imene inkadandaula.

Achewa adanena zomwezo ndi mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Papa Pius XI adalembanso mu 1931 kuti n'kulakwira chilungamo kulanda gulu laling'ono ntchito imene lingathe kuchita lokha n'kuipereka ku gulu lalikulu. Onse atatu akugwirizana pa mfundo imene imawawa kwa aliyense wokonda kuyankhulira anzake: kufunira munthu zabwino sikufanana ndi kumva kuwawa kwake. Ngakhale mawu akuti Mphamvu ku Anthu ali ndi kachilema, chifukwa akumveka ngati mphamvuyo kwawo ndi ku likulu ndipo kumudzi ikungobwera kudzacheza. Alimi a khofi a ku Misuku, amene amayendetsa kopaletivi yawo pansi pa Mzuzu Coffee, adayamba kale kusankha atsogoleri, kuwerengera ndalama ndi kuchotsa olephera.

Nkhani ya amasiye aja ikukhudza Chitipa mwapadera chifukwa cha zinenero. Boma limeneli, lomwe kale linkatchedwa Fort Hill, lili ndi Chisukwa, Chindali, Chilambya, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina. Taganizani za mayi wa ku Mughese amene khofi wake wapsa, ndipo ayenera kufika naye pa makina osendera tsiku lomwelo asanayambe kuonongeka, koma kamlatho ka pamtsinje kadakokoloka ndi mvula. Iye anena zimenezi m'Chisukwa pa msonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Zikafika ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, zasanduka mzere umodzi papepala. Ku khonsolo pa boma zalembedwa m'Chingerezi pakati pa milatho ina yambiri. Pamsonkhano wa dziko lonse zatsala chiganizo chakuti misewu ya kumidzi ikufunika ndalama. Palibe amene wanama panjira yonseyi, komabe mayi uja ndi dengu lake sakuonekanso.

Kutayika kotere sikungatheretu, pakuti msonkhano wa makhonsolo onse sungakambe za kamlatho kalikonse. Chimene chingatheke ndi chimene nkhoswe imachita. Makhansala amene adasankhidwa pa 16 Sepitembala 2025, m'mawodi amene tsopano adakwana 509, akalandira kalata ya msonkhano wotsatira, ali ndi masiku okwanira kukhala pansi ndi ADC ya kwa Mwenemisuku, kuwerenga mitu ya zokakambirana m'chinenero cha anthuwo, ndi kufunsa kuti pa mituyi akanene chiyani. Pobwerako, galimoto ikakhota pa Kapoka n'kuyamba kukwera, padzakhale tsiku lodziwika kale loti mfumu, a kopaletivi, a mipingo ndi mayi wa kamlatho uja adzamve kuti adapempha chiyani, adayankhidwa chiyani, ndipo ndalama zimene zalonjezedwa zidzafika mwezi uti.